Zimene Tahir Ankamwa

"Gwirani chitsekocho, mugwatu!" anakuwa Warda.

Koma Tahir, mwamuna wake, anali ataphonya kale. Dzanja linapita uku chitseko chili uko, ndipo bambo wamkuluyo anangoti khu! pakhonde ngati thumba la makala. Kofia yake inagubuduzika mpaka pamapazi a Shamsu, mchimwene wake wa Warda, amene anabwera kudzatenga Tahir kuti apitire limodzi kumzikiti. Unali mwezi wa Ramadhani, ndipo anthu a pa Songani anali atangofuturu kumene, kudya komasula kusala dzuwa litalowa.

Shamsu anatola kofiayo n'kuisasa fumbi pang'onopang'ono, maso ali pa mlamu wake.

"Alamu, ine sindizungulira. Mwamwa?"

Tahir anadzutsa mutu movutikira. Maso ankasochera, lilime likukoka mawu.

"Ndamwa, ndamwa. Tsiku lililonse ndikumwa ine. Sindiphonya."

Warda anawerama kuti amudzutse. Aka sikanali koyamba mwamuna wake kubwera akudzandira chotero, koma masiku enawo ankafika popanda mlendo pakhomo. Iye ankangomulowetsa m'nyumba, kumuvula nsapato, n'kudzinamiza kuti ndi njala ya kusala. Lero mwini wake wanena yekha, pamaso pa munthu amene sasunga kanthu m'kamwa.

"Mwadzimvera nokha, chemwali," anatero Shamsu. "Mwezi wopatulika uno, anzake ali pa swala, iye ali pa botolo! Loweruka ndikubwera ndi ankhoswe. Mwana wa mayi anga sangakhale ndi chidakwa."

Anaponya kofia ija pamwendo pa Tahir n'kumapita. Warda ankadziwa bwino kuti nkhaniyo ikafika kumzikiti Shamsu asanavule ndi nsapato zomwe.

Panali chinthu chimene Shamsu sankachidziwa. Chaka chathachi, banjali likukhala ku Chikanda, Tahir anadwala mutu. Tulo tinathawa, anayamba kusoka usana ndi usiku, kuyankhula osapuma, kugawa nsalu za makasitomala kwa anthu odutsa m'njira. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo atatuluka anali munthu wake yemwe uja, telala wofatsa wosakonda zonenanena, kungoti tsopano ankamwa timapiritsi toyera m'mawa, masana ndi madzulo. Anasamukira pa Songani kuthawa zala za anthu. Kwa abale onse anati anali malungo aakulu, ndipo Tahir analumbiritsa mkazi wake kuti mawu oti misala asadzatuluke pakhomo pawo.

Ndiye Warda akanati chiyani? Mapiritsi aja anali atawaona akumwedwa miyezi yonseyi, ndipo sanagwetsepo munthu pakhonde. Chachilendo chinali chimodzi chokha: chiyambire kusala, Tahir anasiya kudzafuturu pakhomo. Ankati zovala za chikondwerero cha Idi zachuluka, afuturira pamakina pomwepo, pakhonde la golosale ya a Habibu. Ndipo Farida wogulitsa tomato, amene maso ake saphonya ngakhale ntchentche pamsika, anali atamunong'oneza kale Warda.

"Ine sindinena za anthu, asisi. Koma amuna anuwo azana ikangolira kumzikiti kuitanira mapemphero, amazemba kupita kuseri kwa golosale. Kanjira kakuseriko mukudziwa kumene kamathera."

Ankadziwa. Kankathera kwa mayi wina wotcheza kachasu.

Tahir atagona, Warda ananunkhiza malaya ake. Anamva mafuta a makina ndi thukuta basi. Koma mtima ukayamba kukayika sukhuta ndi mphuno. Anakumbukira kuti zidakwa zimatafuna timasamba tobisa fungo. Anakumbukiranso kuti nthawi ya daku, chakudya cha m'bandakucha, sankamuonanso akumeza mapiritsi masiku ano. Ndiye kuti mankhwala wasiya, mowa wayamba. Anakwiya, analira, n'kutulutsa chikwama chake pansi pa bedi.

Kutacha anauza mwamuna wake kuti akupita m'tauni kukagula nsapato za mwana wawo Latifa. Tahir anangogwedeza mutu, ali bwinobwino ngati dzulo sikunachitike kanthu, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima Warda koposa. Anakwera minibasi mpaka m'tauni ya Zomba, phiri litafunda nkhungu, n'kulunjika kukachipinda kumene Tahir ankalandirira mankhwala mwezi ndi mwezi.

Namwino wa kumeneko anali mayi Clara, mzimayi wojintcha, wa mawu akulu, amene odwala ankamuopa ndi kumukonda nthawi imodzi. Mzere utatha, anamulowetsa Warda n'kutseka chitseko.

"Mayi a Latifa, mwabwera nokha? A telala athu ali kuti? Akumwa?"

"Akumwa, anesi. N'chimene ndabwerera."

"Ndiye bwinotu. Vuto lili pati?"

"Bwino? Mowa, anesi!"

Clara anaika cholembera pansi. "Aa, mowa. Ine ndimafunsa mankhwala. Mwawaona ndi maso anu akumwa mowawo?"

"Anavomera okha pamaso pa achimwene anga. Akubwera akudzandira, mawu osamveka, chitseko akuchiphonya. Mankhwalawo ndiye ndikuganiza anasiya."

"Akugona usiku?"

"Ngati mwala."

"Akuyankhula kwambiri? Kugawa zinthu?"

"Ayi."

Clara anakwinya nkhope. Munthu wosiya mankhwala amenewa sagona ngati mwala, koma mowa nawo sanauchotse m'maganizo. Anali ataona ambiri, ovala kofia ndi ovala korona, akulumbira pa dzina la Mulungu mpweya ukununkha. Anatsegula kabati n'kutulutsa chimanga chophika chokulunga m'pepala, n'kuchithyola pakati.

"Tadyani kaye, mwauma milomo."

"Zikomo anesi, ndafunga, ndikusala."

Dzanja la Clara linaima m'malere, chimanga chili pomwepo.

"Mwafunga. Amuna anunso?"

"Iwo ndiye saphonya ndi tsiku limodzi. N'chimene chikundipweteka. Usana wonse opanda ndi dontho la madzi, madzulo n'kukathira zonyansa."

"Tadikirani. Ngati usana wonse sameza kanthu, mapiritsi a m'mawa ndi a masana amamwa nthawi yanji?"

Funso limenelo linali lisanamufikire Warda m'maganizo.

Clara anabweza chimanga m'kabati. "Mverani, mayi. Mankhwala amenewa dzina lake ndi kabamazepini. Matenda a bambowa ndi oti timitsempha ta mu ubongo timathamanga mopitirira, ndiye mankhwalawa amatibweza liwiro. Akamalowa m'magazi pang'onopang'ono, ogawa bwino, amagwira pofunikira pokha. Koma akalowa ambiri nthawi imodzi amafika mpaka kuno." Anadzigwira kunkhongo. "Kuno kuli chigawo cha ubongo chimene chimawongolera miyendo, maso ndi lilime. Mowa nawonso umagwira pomwepa. Munthu amaoneka woledzera asanalawe ndi dontho."

"Ndiye mukuti samwa?"

"Sindinatero. Mwina akumwa mowa, mwina akuunjika mapiritsi, mwina zonse ziwiri, ndipo zimenezo ndiye zoopsa zedi. Ine pano sindingaombeze. Pitani mukawapeze dzuwa lisanalowe. Lero amwe a madzulo okha, osaonjezera. Mawa m'mawa ndiwaone pano, ngakhale mutawamanga chingwe. Akagona osadzutsika kapena akayamba kusanza, musadikire mawa."

M'minibasi yobwerera Warda ankangotembenuza nkhaniyo. Anesi aja kodi sakungoikira kumbuyo wodwala wawo? Ngati ndi mapiritsi, kuseri kwa golosale kukatani? Nanga munthu angavomere bwanji mlandu umene sanapalamule? Anaganiza zongopita pamakina kukamufunsa, koma anadziwa kuti yankho lililonse salikhulupirira. Ankafuna kuona yekha.

Atafika pa Songani, anakaima pambali pa chigayo chimene chinali chitatsekedwa, mpango atautsitsa kumaso. Kuchokera pamenepo khonde la a Habibu linkaoneka bwino. Tahir anali pamakina, mutu pansi. Warda anaona kuti mulu wa nsalu unali utachepa, ndiponso kuti benchi imene amuna amakonda kuchezerapo inali yopanda munthu. Shamsu anali atagwira kale ntchito yake.

Azana inalira. Tahir ananong'ona pemphero, n'kudya chipatso chimodzi cha tende, n'kumwera madzi a m'botolo la pulasitiki. Kenako anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kuzemba kupita kuseri. Warda anawoloka msewu n'kumutsatira.

Kanjira ka kwa mayi wa kachasu kanali apo, kopanda munthu. Tahir anali ataima chotsamira khoma, pakati pa makatoni akutha. Anapisa dzanja m'sokosi n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki kakuchipatala, n'kukhuthulira m'chikhatho mapiritsi a tsiku lonse. Dzanja lili m'njira kupita kukamwa, Warda analigwira.

"Bambo a Latifa!"

Mapiritsi ena anagwera m'matope. Tahir anayang'ana kumbuyo kwa mkazi wake ngati kuli wina.

"Tsitsani mawu, mayi! Mukufuna msika wonse umve?"

"Onsewa nthawi imodzi?"

"Nanga nditani? Anesi anati ndisaphonye ngakhale limodzi. Usana sindingamwe. Ndinayesa kumwa pa daku, ndinkasinza pamakina, zovala za anthu zili mbwee. Ndiye ndinati bola onse alowe tsiku lake lomwelo."

"Osakawafunsa anesiwo bwanji?"

"Akanandiletsa kufunga. Ndiye anthu akafunsa kuti che Tahir akudyeranji masana, ndiwayankhe chiyani?"

Warda anasiya dzanja lija. Anatsamira khoma nayenso.

"Ndiye dzulo munavomereranji kwa achimwene?"

"Kuvomera chiyani? Alamu anabwera dzulo?"

Sankakumbuka. Warda anamufotokozera zonse, za pakhonde, za kofia, za funso la Shamsu ndi yankho lake, za ankhoswe a Loweruka. Tahir anamvetsera, kathumba kali m'manja.

"Funso limenelo loti mwamwa," anatero pomaliza, "amandifunsa ndi anesi ndi inu basi. Ndiye ndinayankha mmene ndimayankhira." Anatembenuza kathumba kaja. "N'chifukwa chake lero a Habibu sanandiyankhe salamu bwinobwino. Ndimadabwa anthu akubwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka." Kenako anamuyang'ana mkazi wake m'maso. "Inunso munakhulupirira?"

Warda akanatha kunama, koma chikwama chinali chikadali pabedi, chodzaza theka.

"Ndinakhulupirira."

Tahir sanakalipe. Anasankha mapiritsi a madzulo okha monga mkazi wake anamuuzira, n'kumeza. Anapita kunyumba akuyenda mowongoka, iye patsogolo mkazi pambuyo, osayankhulana. Warda anaona kuti kukhala chete kumeneko kunkapweteka kuposa kutukwanidwa.

M'mawa mwake Clara anamuyendetsa Tahir pamzere wa simenti, kumugwiritsa mphuno ndi chala, kumuyang'ana m'maso ndi katochi. Anamufunsanso za mowa, kawiri konse, mosanyengerera, mpaka anakhutira. Anatuluka kukakambirana ndi dokotala, n'kubwera ndi dongosolo latsopano: mankhwala agawidwe pawiri, ena pa daku ena pofuturu, ndi madzi ambiri dzuwa likalowa.

"Ine ndinati musaphonye, sindinati muwachitire phwando," anatero Clara. "Komanso mwezi wanuwu ndinayenera kuufunsa usanafike. Tiyese choncho, sabata yamawa mubwerenso. Mukayambanso kudzandira, kapena tulo tikayamba kuthawa, kusala kuyambe kwaima. Mukafunse ashehe anu, inu mukudziwa kuposa ine kuti wodwala ali ndi chilolezo."

"Zamveka, anesi," anatero Tahir. "Nanga mankhwala ochotsa dzina loipa muli nawo m'kabatimo?"

Clara sanaseke. "Amenewo ndilibe, bambo. Ndipo za matenda anu ine sindingauze munthu. Nkhaniyo ndi yanu."

Ali pa depoti kudikira minibasi, Warda anayesa kupeza njira. Mtima wake unkafuna kukonza zimene unawononga.

"Tikawauze achimwene kuti ndi mankhwala a BP. Kapena tinene kuti malungo aja anabwereranso."

"Bodza la malungo ndi limene latifikitsa pano, mayi a Latifa."

"Ndiye mukufuna azikutchani chiyani? Mukudziwa mmene anthu amachitira akamva za mutu. Chidakwa amachiseka, koma winayo amamuthawa."

"Ndikudziwa," anatero Tahir, n'kukwera minibasi.

Tsikulo linali Lachisanu, ndipo madzulo ake anthu ankafuturu limodzi pakhonde la mzikiti. Amuna anakhala pamikeka mbali ina, amayi ali cha kumbali ndi mapoto a phala ndi tiyi. Warda anadzipereka kuthira tiyi, chifukwa pamenepo ankatha kuona mkeka wa amuna. Tahir atafika, nkhani zinazima. Anakhala pansi, ndipo mbali zonse ziwiri panatsala malo oti n'kukhalapo munthu. Shamsu anali moyang'anana naye, jagi ya madzi ili pafupi ndi bondo lake.

Azana italira, aliyense anatola tende yake. Tahir anadya yake. Kenako, mosabisa, anatulutsa kathumba kaja m'thumba la malaya, osati m'sokosi, n'kukaika pamkeka.

"Alamu, funso lanu la dzana lija, tandifunsaninso. Lero ndili maso."

Shamsu anayang'ana anzake, n'kuyang'ana kathumbako. "Ndinafunsa ngati mwamwa."

"Ndikumwa, alamu. Awa. Mowa sindikuudziwa kukoma kwake. Awa ndi mankhwala a mutu. Ku Chikanda kuja sanali malungo, ndinadwala misala, ndinagonekedwa. Ndikamamwa awa ndimakhala bwino ngati mmene mukundioneramu. Ndinalakwitsa kamwedwe chifukwa cha kusala, n'chifukwa chake ndinkadzandira. Anesi akonza."

Palibe anatafuna. Warda anamva amayi akumbuyo kwake akukokana nsalu. Mkulu wina amene anali kumanzere kwa Tahir anakoka mbale yake n'kusendera kutali pang'ono, ngati matendawo amadumpha. Warda anamuona, ndipo anamuda mkuluyo ndi mtima wake wonse.

Shamsu anafunsa akuyang'ana pansi.

"Chemwali wanga ankadziwa zonsezi?"

"Ndi amene anandisunga."

Shamsu ananyamula jagi ija, n'kuthira madzi m'kapu, n'kuikankhira kwa mlamu wake. Sanapepese, paja Shamsu kupepesa sanaphunzire. Anangoti, "Imwani, nthawi ya swala ikutha."

Loweruka ankhoswe sanabwere. Amene anabwera pakhonde la a Habibu ndi amayi awiri, mmodzi wa iwo Farida, kudzatenga nsalu zawo za Idi. Anati asintha maganizo pa sitayilo. Tahir anazipinda bwinobwino n'kuwapatsa, osafunsa kanthu, ndipo mulu wa nsalu unachepanso.

Warda anali atabwera ndi Latifa kumsana. Anakhala pa benchi yopanda anthu ija, poonekera msika wonse. Anadikira mpaka Farida atafika pa tomato wake, pamene mawu akanamufikabe, ndipo anafunsa mokweza.

"Bambo a Latifa, mankhwala a pa daku aja munamwa?"

Tahir anayang'ana mkazi wake koyamba chichokere kuseri kwa golosale.

"Ndinamwa," anatero, n'kuponda makina.